Nako kumwamba kuli sikelo yakuba: ndani aidinde?

Inu a geni a mu Limbe, a ku Ndirande, a mu Tsoka ku Lilongwe ndi a pa Zigwagwa ku Mzuzu, palibe chimene ndingakuphunzitseni pa nkhani ya sikelo. Mumadziwa kuwawa kwake munthu ukapita ku Jenda kapena ku Lizulu kukapikula nyemba, walipira ndalama ya makilo 50, pofika pa benchi n'kupeza kuti m'thumbamo muli makilo 46. Anayi aja apita ndi chala cha wogulitsa. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi kuwadinda, kuti kilo ya ku Nsanje ikhale yomweyo ku Chitipa.

Tsono lero ndabwera ndi nkhani ya sikelo ina imene ambiri a inu mukuyenda nayo m'thumba. Ndikunena GPS, ija ili mu foni, ija imaika kadontho pa mapu kusonyeza pamene mwaima. Iyoyo siyeza makilo, imayeza mtunda. Ndipo pakati pa foni yanu ndi setilaiti pali wina amene amaikapo chala. Chomvetsa chisoni n'chakuti chala chimenechi chimalemera zedi kumaiko otentha ngati kwathu kuno, pamene oyendera sikeloyo mu Africa muno ndi owerengeka.

Mmene foni imadziwira pamene muli

GPS ndi ya boma la America. Setilaiti yake yoyamba anaiponya mu 1978, ndipo mu 1995, ife tili kalikiliki kuphunzira matipate, iwo analengeza kuti ntchito yatheka ndi masetilaiti 24. Amazungulira pa mtunda wa makilomita 20,200 kuchokera pansi pano. Pano ena nawo ali ndi zawo: a Russia ali ndi GLONASS, a ku Ulaya ali ndi Galileo, a China ali ndi BeiDou. Mafoni ambiri a masiku ano amamvera zonsezi nthawi imodzi, koma ife tingoti GPS kuti nkhani isatalike.

Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola koopsa, ndipo ntchito yake ndi imodzi basi: kufuula usana ndi usiku kuti ine ndine uje, ndili pakuti, nthawi ili yakuti. Foni yanu siyankha, imangomvera. Uthengawo umathamanga pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Foni imawerenga nthawi imene uthenga watha panjira, n'kupeza kutalika kwa mtunda. Ikamva masetilaiti anayi, basi yadziwa pamene ili.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa liwiro limeneli, kuchedwa pang'ono ndi mtunda waukulu. Mutagawa sekondi m'magawo miliyoni imodzi, kagawo kamodzi kokha ndi mamita 300. Ndiye kuti aliyense amene angachedwetse uthengawo panjira, ngakhale pang'ono chotani, wakusunthani pa mapu inu musanasunthe phazi.

Chifunga cha magetsi

Wochedwetsayo dzina lake ndi ionosphere. Kuyambira makilomita pafupifupi 60 mpaka 1,000 pamwamba pa mitu yathu, dzuwa limawomba mpweya mwamphamvu mpaka kuuthothola tizidutswa ta magetsi totchedwa maelekitironi. Timeneti timangoyandama ngati chifunga cha pa Dedza mwezi wa Juni, kungoti sitioneka ndi maso. Pothithikana kwambiri ndi cha m'ma 300 mpaka 400 kilomita. Masana chifungachi chimakhuthala, usiku chimapepuka.

Akuluakulu amene munalipo mu 1992 ndi 1993, chifunga chimenechi mumachidziwa, kungoti simunauzidwe dzina lake. Ine ndimakumbuka mmene tinkatsekera mazenera madzulo, wailesi ili pansipansi, kusakasaka BBC ndi Channel Africa pa shortwave kuti timve za kalata ya mabishopu ndi za referendamu, nkhani zimene kuno tinkazikamba monong'ona. Mawu a Channel Africa ankachoka pa milongoti ya ku Meyerton, kufupi ndi Johannesburg, n'kukagunda chifungachi kumwamba, n'kubwerera pansi m'nyumba zathu. Paja mawu ankati akwere, atsike, kenaka phokoso ngati mvula pa malata? Chinali chifungacho chikugwedezeka. Tinganene kuti nacho chinavotera nyali.

Azungu nawo anayamba n'kudabwa. Mu Disembala 1901, Guglielmo Marconi anatumiza uthenga wa wailesi kuchoka ku England n'kuwoloka nyanja ya Atlantic mpaka ku Newfoundland. Anthu anafunsa kuti zatheka bwanji, popeza dziko ndi lobulungira ndipo mafunde a wailesi sakhota. Mu 1924, Edward Appleton wa ku Britain anatsimikiza kuti kumwamba kuli chinthu chimene chimawabweza, ndipo mu 1947 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Mafunde a shortwave amagunda n'kubwerera, koma a GPS amaboola. Amaboola inde, komatu osati mwaulere. Amachedwetsedwa ngati lole pa rodibuloko, ndipo chifunga chikakhuthala, kuchedwako kumakula.

Akabaza awiri m'matope

Nanga chinthu chosaoneka, chimene chili makilomita 350 kumwamba, ungachiyeze bwanji? Apa ndi pamene ndimawavulira chipewa akatswiri. Anaona kuti uthenga womwewo umene ukuberedwa ndiwo ungaulule mbala.

Yerekezani paipi yaikulu, kukamwa kwake mita imodzi uku ndi mita imodzi uku, yochoka pa foni yanu mpaka pa setilaiti. Kuchuluka kwa maelekitironi onse amene ali m'paipimo ndiko amakutcha TEC. Monga inu simuwerenga mpunga kanjerekanjere koma ndi ndowa, iwonso ali ndi ndowa yawo yotchedwa TECU. Mu ndowa imodzi muli maelekitironi 1 wotsatidwa ndi maziro 16. Musavutike kuwerenga, ingosungani ichi: ndowa imodzi imawonjezera masentimita 16 pa mtunda umene GPS ikuyeza. Usiku wa manda ndowazi zimatsala zowerengeka. Koma masana, kumaiko otentha, m'zaka zimene dzuwa lalusa, zimatha kupitirira 100. Amenewo ndi mamita 16. Setilaiti ikakhala cham'mbali, kufupi ndi nsonga za mapiri, uthenga umadutsa chifungacho chopingasa, ndipo kuchedwa kumatha kufika katatu, pafupifupi mamita 50.

Chinsinsi choyezera ndi chakuti setilaiti ya GPS siyankhula pa siteshoni imodzi. Ili ndi L1 pa 1575.42 MHz ndi L2 pa 1227.60 MHz, ndipo zatsopano zili ndi yachitatu, L5. Chifungachi chili ndi tsankho: chimachedwetsa kwambiri siteshoni ya nambala yotsika.

Tiyerekeze kuti mwatuma akabaza awiri kuchoka pa depoti nthawi imodzi, msewu umodzi. Wina wanyamula thumba limodzi, mnzake wanyamula awiri. Pa tala akuyendera limodzi bwinobwino, koma pa matope wolemedwa uja akutsalira. Matope akachuluka, mpata wa pakati pawo ukukula. Inu muli pa benchi, msewu simunauone, koma pongoona mpata umene afikira, mwadziwa kuti kunjako kuli matope ochuluka bwanji. Ndi mmenenso zilili kumwamba. L1 ikachedwa ndi mamita 10, L2 imachedwa ndi mamita 16 ndi theka. Mpata wa mamita 6 ndi theka umenewo ukutanthauza ndowa pafupifupi 62. Makina amene amamva masiteshoni onse awiri amayeza chifungacho n'kuchichotsera pa masamu ake. Mlongoti umodzi wokhazikika pa konkiriti, makina olandirira, batire ndi sola, basi mwayamba kuyeza kumwamba usana ndi usiku. Uthenga wake ndi waulere, a America satumiza bilu.

Komabe ntchitoyi ili ndi misampha yake itatu, ndipo yonse mukuidziwa. Woyamba ndi beseni. Poyeza ufa mumayamba mwachotsera kulemera kwa beseni. Nawo makina olandirira ndi setilaiti yomwe ali ndi kuchedwa kwawokwawo m'mawaya mwawo, ndipo osachotsera bwino kumeneku, TEC ya usiku imatuluka yochepera ziro, zimene sizingatheke. Wachiwiri ndi kupingasa. Masetilaiti ambiri sakhala paliwombo, choncho akatswiri amatembenuza muyeso wopingasa kuti ukhale ngati woongoka, poyerekeza kuti chifunga chonse ndi chinsalu chimodzi chosalala. Ku Ulaya zimenezi zimayenda bwino ndithu. Kuno chinsalucho chili ndi zitunda ndi maenje, ndiye masamu amapotoka. Wachitatu ndi kusokonezeka powerenga. Makina amawerenga mafunde limodzilimodzi ngati mayi akuwerenga tomato m'dengu. Uthenga ukaduka pang'ono, zili ngati kasitomala wakuyankhulitsani muli pa 87: muyambirenso.

Madzi a mvula pa denga

N'chifukwa chiyani kuno kuli zitunda? Dziko lapansili ndi maginito aakulu, n'chifukwa chake kampasi imaloza kumpoto. Kuwonjezera pa ikweta ija tinaphunzira ku pulayimale, pali ikweta ina ya maginito. Mu Africa muno imadutsa kumpoto kwa inzakeyo ndi madigiri pafupifupi 10, cha ku Nigeria mpaka ku Ethiopia, kufupi ndi Addis Ababa.

Masana, pamwamba pa mzere umenewu, mphamvu ya magetsi ndi ya maginito zimagwirizana kukankhira chifunga m'mwamba ngati kasupe. Chikafika pamwamba chimatsetserekera mbali ziwiri, kumpoto ndi kummwera, ngati madzi a mvula pa denga la malata. Mukudziwa kuti pa msonga pa denga sipakhala madzi, amakaunjikana m'mphepete. Chimodzimodzi chifungachi chimakaunjikana madigiri pafupifupi 15 uku ndi uku. Appleton yemwe uja ndi amene analemba za zitunda ziwirizi mu 1946, ndipo mpaka lero zimatchedwa ndi dzina lake.

Chitunda cha kumpoto chimagwera ku chipululu cha Sahara. Cha kummwera chimadutsa pamwamba pa Gabon, Congo, Rwanda, Kenya ndi Tanzania. Eetu, inu amene mumakapikula zitenje ndi nsapato ku Kariakoo mu Dar es Salaam mumakagona pansi pa chitunda chimenechi. Dziko lathu lili m'mphepete mwake, chakummwera. Koma tisadzinamize kuti tapulumuka. Munthu wa ku Karonga kapena ku Mzuzu akamamvera setilaiti imene ili chakumpoto, uthenga wake umaboola chifunga cha pamwamba pa Tanzania usanamufike. Utsi wa kwa aneba umalowa m'nyumba mwako ngakhale moto suli wako.

Dzuwa likalowa, phala libwadamuka

Zimenezo ndi za masana. Zoopsa zenizeni zimayamba dzuwa likangolowa. Chifunga cham'munsi chimazilala msanga, pamene cham'mwamba chidakali chokhuthala ndipo chikukankhidwira m'mwamba. Cholemera chili pamwamba, chopepuka pansi. Zikatero sizikhalitsa. Mathovu akuluakulu opanda kanthu m'kati amaphulika kuchokera pansi n'kukwera ngati phala likubwadamuka pa moto. Thovu limodzi limatha kukhala makilomita 100 m'lifupi, n'kutambalala makilomita oposa 1,000 kumpoto ndi kummwera, likuyenda pang'onopang'ono kulowera kum'mawa.

Uthenga wa setilaiti ukadutsa m'mphepete mwa mathovuwa umaphethira ngati nyenyezi, mwina kuzimiratu. Makina amene amamvera masetilaiti khumi amangozindikira atsala ndi asanu. Apa ngakhale nzeru ya akabaza awiri ija siithandiza, chifukwa onse awiri agwera m'dzenje. Zimenezi zimakonda kuchitika kuyambira cha m'ma 7 koloko madzulo mpaka pakati pa usiku, ndipo kuno kum'mawa kwa Africa zimachuluka m'miyezi ya Marichi ndi Epulo, komanso Seputembala ndi Okutobala.

Amene anayamba kuziona bwino ndi a ku Peru, kumene ikweta ya maginito imadutsa. Ku Jicamarca, kufupi ndi mzinda wa Lima, kuli makina aakulu a radar oyang'ana kumwamba, ndipo mu 1976 katswiri wa konko, Ronald Woodman, ndi mnzake anajambula mathovuwa akukwera. Taonani: si wa ku London kapena ku Washington, koma mwana wa dziko losauka amene anayang'ana thambo la kwawo.

Suti ya pa kaunjika

Wina afunsa kuti nanga foni yanga yotchipayi, imene imamva siteshoni imodzi yokha, imatani? Eni GPS anaiganizira. Setilaiti imatumizanso manambala asanu ndi atatu ouza foni kuti lero chifunga chikuyenera kukhala chokhuthala chonchi. Njira imeneyi anaikonza ndi John Klobuchar wa ku America, ndipo anaisindikiza mu 1987. Mwini wakeyo sanabise: imachotsa pafupifupi theka la vutolo, theka linalo n'lanu.

Ndiye kuno zili ngati suti ya pa kaunjika. Inasokedwa poyeza thupi la munthu wina. Kuvala ungavale, ku ukwati ungapite nayo, koma mikono yatalika, m'mapewa mwathina. Njira ya Klobuchar siidziwa zitunda ziwiri zija bwinobwino, ndipo za mathovu a usiku ndiye siizidziwa n'komwe. A Galileo ali ndi njira yawo yabwinopo yotchedwa NeQuick, imene inakonzedwa ku Trieste ku Italy ndi ku Graz ku Austria, koma nayo singalosere kuti thovu liphulika liti. Kuyambira mu 2018, pamene kampani ya Xiaomi inatulutsa foni ya Mi 8, kwabwera mafoni omva masiteshoni awiri, koma ambiri amene tikugulitsana m'misika muno sanafike pamenepo.

Dzuwa likalusa

Dzuwa nalo lili ndi nyengo zake. Zaka 11 zilizonse limalusa, kenaka n'kufatsa. Likalusa limatuluka madontho akuda, n'kumalavula moto ndi mphepo ya magetsi. Ikatipeza, chifunga chija chimavunduka dziko lonse. Pa 13 Marichi 1989, chigawo cha Quebec ku Canada chinakhala mu mdima maola asanu ndi anayi. Kumapeto kwa Okutobala 2003, njira ya ku America yothandiza ndege kutera ndi GPS inasokonekera kwa maola ambiri masiku awiri, ndipo ku South Africa matiransifoma ena akuluakulu a magetsi anawonongeka.

Zinanso ndi za pa 10 ndi 11 Meyi 2024. Kunabwera namondwe wa dzuwa wamkulu kuposa onse chichokereni 2003, mpaka anthu a ku South Africa ndi Namibia anaona thambo litafiira usiku. Ku America inali nyengo yodzala chimanga, ndipo mathirakitala oyendera GPS anayamba kukhotetsa mizere, alimi ambiri n'kuimitsa ntchito. Mu Okutobala chaka chomwecho, a NASA analengeza kuti dzuwa lafika pa chimake cha ukali wake. Lifatsa ndithu, koma m'zaka za m'ma 2030 lidzalusanso. Paja chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chaimba, tsiku lake tikulidziwa.

Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu a kumaiko ozizira amalira namondwe akabwera, mwa apo ndi apo. Kumaiko otentha zitunda ndi mathovu ndi za masiku onse, ngakhale dzuwa lisanapse mtima.

Nanga ife zikutikhudza pati?

Ndikudziwa kuti wina akuti, aaa, ife a tomato za kumwambazo zitipindulira chiyani? Tiyeni tiwerenge.

Choyamba ndi malo. Chikhazikitsireni lamulo la malo a makolo la 2016, minda ndi mapuloti zikuyezedwa ndi kulembedwa m'kaundula, ndipo malire ake akusungidwa ngati manambala a GPS. Kale mboni inali mtengo wa mango ndi a mfumu. Mawa mboni idzakhala nambala. Masaveya enieni ali ndi makina a masiteshoni awiri amene amalondola mpaka masentimita, koma nawonso amavutika masana chifunga chikakhuthala, makamaka akakhala kutali ndi mlongoti wowongolera. Tsono taganizani za uja amabwera ndi foni m'manja n'kumati ndikuyezerani puloti. Foni yabwino, pabwalo poyera, imaphonya ndi mamita pafupifupi asanu. Mamita asanu mu msika ndi mabenchi awiri. Ku Area 25 kapena ku Machinjiri ndi chimbudzi chanu chonse kulowa kwa aneba. Milandu ya malo yadanitsa kale abale ambiri, tisaonjezerepo ina yochokera kumwamba.

Chachiwiri ndi katundu. Malole ochokera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala amalondoledwa ndi GPS, ndipo ambiri amayenda usiku, nthawi ya mathovu ija. Kadontho kakasowa pa kompyuta kwa mphindi zingapo kapena kakadumphira kutchire, bwana amayamba kuganiza kuti dalaivala wapatuka kukatsitsa mafuta. Mwina wapatukadi, paja ena ndi akathyali. Koma mwinanso ayi. Popanda woyeza thambo la usiku umenewo, ndani angamuikire umboni?

Chachitatu ndi ndege. Mu 2017 boma ndi a UNICEF anatsegula malo oyeserera tindege topanda woyendetsa ku Kasungu, ndipo tindege totere tanyamulapo mankhwala ndi magazi okayezetsa kupita ku zipatala za kumidzi. Maso ake ndi GPS. Ndege zikuluzikulu nazo pa dziko lonse zikusamukira ku GPS potera. A India, amene ali pansi pa chitunda cha kumpoto, anaona kuti njira za ku America ndi ku Ulaya sizikukwana pa thambo lawo. Anadzala makina oyezera m'dziko lonse, n'kupanga njira yawoyawo yotchedwa GAGAN, imene inavomerezedwa kuteretsa ndege mu 2015. A Brazil nawo, kumene mathovu amasokoneza mathirakitala m'minda ya nzimbe usiku, ali ndi nthambi ya boma yoyang'anira thambo lawo tsiku ndi tsiku.

Koma ndinene chilungamo, tisamangire thambo mlandu uliwonse. Foni ikasochera m'kati mwa msika, kawirikawiri olakwa ndi malata ndi zipupa, zimene zimatchinga ndi kunjanjitsa uthenga. Ndalama ya pa foni ikakana kupita, kapena netiweki ikathawa, imeneyo ndi nkhani ya nsanja ndi magetsi a pansi pompano. A kampani asakunamizeni kuti ndi dzuwa.

Oyendera sikelo ali kuti?

Kuyambira mu 1998, bungwe la International GNSS Service limatulutsa mapu a TEC a dziko lonse tsiku lililonse, pogwiritsa ntchito milongoti ya m'maiko osiyanasiyana. Pamene pali mlongoti, mapu amanena zimene zayezedwa. Pamene palibe, kompyuta imangolumikiza mwa kuyerekeza. Dziko la Japan lokha lili ndi milongoti pafupifupi 1,300. Mu Africa, kuchotsapo South Africa imene ili ndi yakeyake yambiri, yodziwika ndi yongotchula ndi zala: Malindi ku Kenya, Mbarara ku Uganda, Addis Ababa, Libreville ku Gabon, Lusaka ndi ina yochepa. Pakati pa Congo, pamene chitunda chimadutsa, mungayende mtunda wa masiku osapeza ndi umodzi womwe. Kumene matenda ali aakulu ndi kumene kulibe sing'anga.

Kwathu kuno, ku Zomba ndi ku Mzuzu kunaikidwa milongoti ya GPS yoyezera kusuntha kwa nthaka, popeza tili m'chigwa chimene chikung'ambika pang'onopang'ono. A ku Karonga akukumbuka zivomezi za mu Disembala 2009. Manambala a milongoti yomweyo agwiritsidwapo ntchito ndi ofufuza za chifunga cha kumwambachi. Khasu limodzi, minda iwiri. A South Africa ali ndi likulu loona za nyengo ya kumwamba ku Hermanus, limene kuyambira mu Novembala 2022 limagwira ntchito usana ndi usiku kuchenjeza Africa yense. Mu 2019, a America ndi a Taiwan anaponya masetilaiti asanu ndi imodzi otchedwa COSMIC-2 oti aziyeza thambo la maiko otentha kuchokera kumwamba konko. Mu Epulo 2025, bungwe la African Union linatsegula likulu lake la za mlengalenga ku Cairo.

Zonsezi n'zabwino, ndipo mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo amapitanso. Zida zambiri zoyezera mu Africa zinabwera ndi mapulojekiti a kunja, ndipo pulojekiti ikatha, batire ikafa, intaneti ikadulidwa, makina amangokhala chete mpaka dzimbiri. Chonsecho dzuwa limatenga zaka 11 kuti lizungulire nyengo yake. Kuyeza zaka ziwiri n'kusiya kuli ngati kukhala pa msika mwezi wa Epulo wokha n'kumati ndadziwa mtengo wa chimanga wa chaka chonse. Amene anaonapo Febuluwale angakusekeni.

Maganizo anga ndi awa. Dziko lathu ndi lalitali ngati ndodo, kuchoka pa madigiri 9 mpaka 17 kummwera kwa ikweta. Mzere wa milongoti kuchoka ku Chitipa, Karonga, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Zomba mpaka Nsanje ungaonetse bwino pamene chitunda chija chimathera, chinthu chimene akatswiri a dziko lonse angachifune. Milongoti yomweyo ingathandize masaveya, oona za zivomezi ndi a zanyengo. Ana athu a sayansi ku Zomba, ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Thyolo angapezepo madigiri osapita kukapempha manambala a thambo la kwawo kwa azungu. Mtengo wa mlongoti umodzi sufika pa galimoto imodzi ya nduna. Si nkhani ya chipani ayi. Thambo silidziwa mtundu wa nsalu imene mwavala.

Inu a pa msika muli ndi mbali yanu. Pogula puloti, musalole malire a pa foni. Itanani saveya wovomerezeka, aike bikoni ya simenti, a mfumu ndi aneba ali pomwepo, ndipo ngati n'kotheka ayeze m'mawa chifunga chisanakhuthale. Safunsa anadya phula. Kachiwiri, milongoti imeneyi imayendera sola ndi batire, katundu amene amayenda malonda kwambiri. Mnyamata akabwera pa benchi ndi sola yokhala ndi zizindikiro za boma kapena za sukulu, mtengo wake wokayikitsa, mufunseni kumene waitenga. Mwina mukugula diso la dziko lonse pa mtengo wa thumba la makala.

Kachitatu, a phungu akadzabwera pa msika ndi lole ya zoimbira kudzalonjeza shedi yatsopano ndi zimbudzi, landirani malonjezowo monga mwa masiku onse. Akamaliza, mmodzi wa inu adzakweze mkono n'kufunsa mwaulemu kuti: bwana, malire a minda yathu mwawaika m'manja mwa GPS, nanga mu bajeti muli ndalama zingati zoyendetsera milongoti yoiyang'anira? Akadzayankha, mudzatilembere kalata kuno ku nyuzi. Tidzaisindikiza yonse, ndi dzina lawo lomwe.